Jekete la Loya Pampando

Mwana wanga wamkazi anafika kwanga ku Kawale diso litatupa, atabereka kamtsikana kake ka zaka zinayi ngati khanda. Matipate anali atangobwera kumene. Anachokera ku Nsungwi, kumene ankachita lendi ndi mwamuna wake, munthu wa kumpoto wogwira ntchito ya fodya ku Kanengo. Sikanali koyamba kumenyedwa. Masiku onse ndinkamuthowa ndi madzi ofunda n'kumubweza, poti ankhoswe ankati banja n'kupirira. Ulendo umenewu sindinamubweze.

Patatha sabata kunabwera alongo ake awiri a mwamunayo, atatchena ngati akupita kumgonero. Za mkazi analibe nazo ntchito. Ankafuna mwana, akakulire kumudzi kwawo, poti kwawoko mwana ndi wa bambo. Ndinakana. Kenaka kunabwera samani ya kukhoti.

Mayi wina wa kutchalitchi ndi amene anatilozera loya, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene iye anapindulapo. Ofesi yake inali m'tauni, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Loyayo anali mkazi wa msinkhu wa mwana wanga, wovala thalauzi, zikhadabo zopaka zofiira. Nditaona zikhadabozo ndinadziwa kuti sanathowepo munthu chibadwire.

"Panaperekedwa malobolo, agogo?"

"Ife sitigulitsa ana."

"Sindinafunse zimenezo. Panaperekedwa kanthu?"

Funso limodzi analifunsa katatu, akulitembenuza uku ndi uku ngati akufufuza wakuba nkhuku. Atakhutira anatseka kope lake.

"Za ng'ombe sizindiopsa," iye anatero. "Khoti likafuna kudziwa kumene mwanayu angakhale bwino. Pakufunika munthu amene anaona mabala aja, ndipo munthuyo ndinu. Mukanena malo ake enieni pathupi, kenaka mukaloza amene anachita, mukumuyang'ana kumaso."

"Mkamwini wanga?"

"Yemweyo."

Kwathu mpongozi sayang'anana ndi mkamwini. Zaka zisanu ndi chimodzi, tikakumana panjira wina ankapatuka. Akabwera kunyumba ndinkamulonjera ndili kuseri kwa chitseko, iye atanjuta panja. Dzina lake linali lisanatulukepo pakamwa panga. Munthuyo ndinkamudziwira nsapato ndi kakhosomolidwe basi. Ndinamufotokozera loyayo zonsezi pang'onopang'ono, ngati mmene timauzira mwana.

"Ndikudziwa, agogo, nanenso ndine wa kuno komwe. Koma mukakaweramitsa mutu, loya wa mbali inayo akati mukunama. Majisitireti naye ndi munthu, amaona maso."

Anavula jekete lake n'kulikoleka pampando umene unali patsogolo panga.

"Awa ndi akamwini anu. Yambani."

Ine, munthu wa zidzukulu zisanu, ndinayamba kulankhula ndi jekete. Ndikangotsitsa maso ankagogoda tebulo ndi cholembera.

"Mwati anamumenya 'kumeneko'. Kumeneko n'kuti? Khoti silidziwa kumeneko."

"Kodi mayi inu, kwanu muli ndi amayi?"

"Ndili nawo. Akanakhala pampandopo ndikanawauza zomwezi."

Ndinatchula mawu amene timatchula kutsimba kokha, tili amayi okhaokha polanga anamwali. Ndinawatchula masanasana, zenera lili pululu, mwana wanga wobereka ndekha ali pambali panga akukanda chitenje chake. Potsika masitepe ndinalavula. Tinabwererako kawiri, ndipo ulendo uliwonse jekete lija linkandidikirira.

Ulendo womaliza anandichenjeza chinthu china. Anati ndikafunsidwa chifukwa chimene ndinkamubwezera mwana wanga kwa munthu womumenya, ndisakanamizire ankhoswe kapena mpingo.

"Nanga ndikanene chiyani?"

"Chimene mumadziuza mukakhala nokha."

Anali asanandidziwe ndi mwezi womwe, koma anali atafika kale kuchipinda kwanga.

Tsiku la mlandu tinalawirira. Pakhonde la khoti ndinaona loya wathu akugwirana chanza ndi loya wa mkamwini, bambo wamimba wonyamula chikwama chachikopa, akuseka, akufunsana za ana kunyumba. Ndinamutsina mwana wanga.

"Watigulitsa uyu. Ona mano ali panja."

Sanatigulitse. Titalowa mkati anakhadzulana ngati sanaonanepo, ndipo zimenezo zinandinyansa kuposa kuseka kuja. Munthu wotani amene amavala chidani ngati malaya a kuntchito?

Atandiitana ndinagwira Baibulo n'kulumbira. Ndinanena zonse, mawu aja osasiyako ngakhale limodzi, pamaso pa amuna amene sindinkawadziwa. Kumbuyo wina anatsokomola. Bambo wamimba uja anaimirira mwaulemu wonse.

"Amayi, ngati mabalawo anali oopsa chonchi, bwanji munkamubweza mwana wanu kubanja?"

"Ndinkaopa kuti anthu anena kuti sindinamulange bwino. Ndinalakwa."

Anasanthula mapepala ake kanthawi, n'kukhala pansi. Loya wathu anandiuza kuti ndiloze amene anachita zimenezi. Ndinakweza mutu.

Kankhope kake kanali kakang'ono, ka munthu wamba, woti ukhoza kukhala naye mpando umodzi m'minibasi osamuganizira kanthu. Mphuno inali ya mdzukulu wanga yeniyeni. Iye sanaphethire, sanayang'ane kumbali. Ndinamuloza.

Khoti linagamula kuti mwana akhale ndi mayi wake, bambo azidzamuona Loweruka kawiri pamwezi, kunyumba kwanga. Alongo aja anatuluka osatsanzika. Mwana wanga analira, n'kukumbatira loyayo. Ine ndinangomugwira chanza, ndipo iye anati ndinachita bwino kwambiri, ngati ndine mwana wa sukulu amene wakhoza masamu.

Loweruka loyamba mkamwini anabweradi. Sananjute panja. Analowa, anakhala pampando wa malemu amuna anga, n'kundiyang'ana m'maso.

"Amayi, timadzi takumwa."

Ndinamupatsa nditaimirira. Kenaka ndinakoka mpando wanga n'kukhala moyang'anana naye, mdzukulu wanga akusewera pansi pakati pathu. Ndinayang'anitsitsa manja ake masana onse, ndipo atanyamuka ndinaima pachipata nditagwira mwana padzanja mpaka minibasi itamutenga yekha.