Ulemu wa a Dunstan pa Phiri la Sinowo

A Dunstan Kamwendo a ku Girrawheen, dera la mumzinda wa Perth, ndi munthu wamagetsi, ndipo masiku amene migodi inkalipira bwino ankayenda ngati ndege yopita ku migodi ya kumpoto ndi yawo. Migodi itayamba kuchotsa anthu, anakhala pakhomo miyezi isanu akukonza ketulo yosawonongeka. Kenako anapeza ganyu kumapiri a ku Victoria, kumene azungu amapikisana kutsetsereka pa sinowo, chipale chofewa chija. Kutchalitchi anawapempherera, amayi a chigwirizano nkuwagulira jekete lalikulu ngati matiresi. A Dunstan polawira anati akukakhala “injiniya wa nthawi”.

Ntchitoyo sinali yovuta. Pakati pa phiri ankazika timitengo tiwiri, kena uku kena uko, pokhala timakina toyang'anizana. Pakati pake pamadutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Wampikisano akakudula ndi miyendo, nthawi yake ya pakati pa ulendo imaoneka pa bolodi kumunsi. Lamulo linali limodzi: mpikisano ukayamba, pakatipo pasadutse munthu wina aliyense.

Tsiku la mpikisano wa ana a sukulu, a Dunstan anachuna makina awo bwinobwino, waya nkumukwirira. Kamtsikana koyamba katangonyamuka pamwamba, anaona bwana wawo, nkhalamba ya imvi mbuu, ikubwera tsidya linalo itasenza mpukutu wa waya. Munthu woleredwa ku Dedza angaime chilili wamkulu atasenza katundu? Miyendo inanyamuka yokha. Anawoloka pakati pa timitengo tija, nalandira mpukutuwo ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono.

Kumunsi bolodi linalengeza kuti mwana wa zaka khumi wafika pakati pa phiri m'masekondi anayi. Makolo ake anakuwa, kukumbatirana. Kenako anafufuta zonse, mwanayo nkumukwezanso phiri akulira. Nkhalambayo sinakalipe, inangowayang'ana, ndipo a Dunstan amati bola ikadawamenya mbama. Nyengo yotsalayo anaimaliza akunyamula mbendera.

Atabwerera ku Perth, chimene ankafuna nchimodzi: mpingo usamve. Anauza akazi awo okha, mai Edda, atawalumbiritsa. Mai Edda sanauze munthu. Anangopempha mai Dinnah, anzawo a unamwino ku chipatala cha Murdoch, kuti awaike m'mapemphero, ndipo pemphero limafuna tsatanetsatane.

Lamulungu lotsatira, anthu akumwa tiyi panja, a Chileshe a ku Lusaka, mkulu wa mpingo, anatulukira atanyamula bokosi la zakumwa. Maso a bwalo lonse anatembenukira kwa a Dunstan.

“Ba Dunstan, osavutika,” anatero a Chileshe. “Nizafika nekha. Olo mufuna kuona ngati nizafika mu four seconds?”

Amayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. A Dunstan anayang'ana akazi awo. Mai Edda anali kalikiliki kutakasa tiyi wopanda shuga.

“Mai a Mwawi, si munalumbira inu?”

“Ine ndinangopempha mapemphero, bambo.”

Anaima pamenepo makutu akutentha, kapu ili m'dzanja. Koma a Chileshe ndi a zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo bokosilo linali lolemera ndithu. A Dunstan anaika kapu pansi, napita kukalilandira, maso ali pa nsapato zawo.