Loweruka limene achimwene anakanika kulowa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene achimwene anga a Madalitso anapita ku Joni kukatsuka magalimoto. Pa foni analibe mawu ambiri: "Muli bwanji kumeneko? Sukulu bwanji, Tamanda?" Basi, mayunitsi atha. Koma asanachoke, ine ndi iwo tinkapikisana pa gemu ya magalimoto pa kompyuta yawo yakale, ndipo pamenepo m'pamene pakamwa pawo pankatseguka. Ankandinyogodola, kunditcha kondakitala. Zimenezo n'zimene ndinkazisowa, makamaka poti bambo anali atatisiya kalekale osatsanzika.

Kwathu ku Chikanda, mayi ankachititsa lendi zipinda kwa ophunzira a kukoleji ya Chirunga. Ophunzirawo anasonkherana n'kukoka intaneti ya waya, ndipo rauta yake inkakhala pamwamba pa kabati yathu, ikuphethira timagetsi tobiriwira. Tsiku lina pa foni ya mayi panafika uthenga wa achimwene: "Loweruka 2 koloko. Iwe utsegule mpikisano kumeneko, ine ndidzalowa pa kompyuta yolipira kuno."

Mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndinakakamira a Asiyatu, mmodzi wa ophunzira aja, mpaka anasiya mabuku awo. Anandifotokozera kuti rauta ili ngati mlonda wa pageti: wochokera kunja samulola, pokhapokha utamuuza kuti mlendo wa gemu yakuti uzimuperekeza ku kompyuta ya nambala yakuti. Foni kapena kompyuta iliyonse m'nyumbamo inali ndi nambala yake yopatsidwa ndi rautayo. Lachinayi tinalemba yanga, mnzawo wa kukoleji n'kuyesa kulowa. Zinatheka!

"Dikira kaye, timangirire nambalayi kuti isamasinthe," anatero a Asiyatu.

"Aaa, zatheka kale izi!" Ndinali nditafika kale pakhomo, kuthamangira kukauza anzanga.

"Iwe mwana, kuona maso a nkhono n'kudekha!" Ndinawamva, koma sindinabwerere.

Loweruka m'mawa magetsi anathima. Mayi anapita ku maliro ku Zakazaka atatenga foni yawo, a Asiyatu anali ku laibulale. Ndinasesa bwalo kawiri. Ndinatsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndinkatuluka, kuyang'ana nkhungu imene inakuta phiri, kulowanso, kuyang'ana babu. Cha m'ma 1 koloko ana a m'makwalala onse anakuwa pamodzi, "Ayaka!" Ndinayatsa kompyuta yakale ya achimwene ija.

2 koloko inakwana galimoto yanga yofiira ili pa mzere woyambira, yokhayokha, injini ikulira. Hafu pasiti. 3 koloko. Ndinatafuna zikhadabo mpaka chala kutuluka magazi. Kenako mkwiyo unandikwera. Ndinathamangira kwa mayi ena ogulitsa mandasi pafupi ndi kwathu, ndinabwereka foni yawo n'kulemba kuti: "Mukanangonena kuti mulibe nthawi. Mwatiiwala ngati mmene anachitira bambo." Ndinabweza foniyo osadikira yankho, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma.

Mayi anabwera dzuwa likupendeka. "Foniyi yakhala ikungolira m'chikwamamu, anthu mpaka kundiyang'ana pamaliro. Taona kuti ndani."

Ndinawerenga ndili chiimire. "Ndafika." "Ikukana." "Tama, tsegula." "Ndayesanso." "Ndawonjezera ola lina, usachoke." Womaliza unafika wanga uja utapita kale, ndipo unali waufupi: "Ndinalipo, mlongo wanga."

A Asiyatu atabwera anayang'ana mu rauta muja n'kupukusa mutu. Magetsi atayakanso, rauta inagawa manambala mwatsopano, woyamba kufika woyamba kulandira. Nambala yanga inapita ku foni ya mnyamata wina wa chipinda chakumapeto, amene anagona masana onse. Maola awiri athunthu mlonda uja ankaperekeza achimwene kumeneko. Kukonza kwake kunali kumangirira nambala kuja, ntchito ya mphindi ziwiri imene ndinaithawa Lachinayi. A Asiyatu sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena.

Pambuyo pake ndinamva kwa mayi kuti Loweruka ndi tsiku limene magalimoto otsuka amachuluka, ndipo achimwene anachita kupempha kwa abwana awo kuti achoke masana. Tinadzasewera patapita masabata atatu. Anapambana, anandiseka, ananditcha kondakitala monga kale. Za uthenga uja sanazitchule, ndipo mpaka lero sanazitchulepo.

Panopa ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndikadali wopupuluma. Koma munthu amene ndikumudikira akapanda kuoneka, ndimayamba ndafufuza kwanga kuno ndisanatsegule pakamwa. Nambala ya kompyuta tinaikonza tsiku lomwelo. Mawu aja onena za bambo anafika ku Joni bwinobwino, osasochera, kwa munthu amene anali atakhala maola awiri akugogoda kuti alowe kwawo.