Chisanu Chimene Tinamutulutsa Mwana Padzuwa

Kabotolo kake kanali kofiirira, kotalika ngati chala changa, ndipo kankakhala pamwamba pa kabati, kuseri kwa wailesi. M'menemo munali madontho a mankhwala a mng'ono wanga. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, iye ziwiri ndi theka, ndipo tinkakhala ku Wusakile ku Kitwe, m'nyumba yaing'ono pafupi ndi mgodi umene atate ankagwirako ntchito.

Mwanayo anachedwa kuyenda. Atayamba, miyendo yake inali yamatewe, moti mphaka akanadutsa pakati pa mawondo ake osamukhudza. Akachoka pampando kufika pakhomo ankakhala pansi n'kumalira. Timikono take tinali totupa pamfundo, ngati wavala zibangili mkati mwa khungu.

Azakhali anabwera kuchokera ku Ndola kudzamuona. Anamutembenuza uku ndi uku, kenako anati kwathu ku Katete mwana sapindika popanda chifukwa, alipo amene wamsempha m'nyumba muno. Ananena maso ali pa amayi. Sindinamve tanthauzo lake, koma kuyambira tsiku limenelo atate akaweruka ankadya osalankhula, ndipo amayi anasiya kupita kukwaya. Mpaka lero mtima umandiwawa kuti panalibe wamkulu amene anawayankha azakhaliwo.

Amene anatitengera kukiliniki anali amalume. Anajomba kuntchito yawo yowotcherera zitsulo, n'kumunyamula mwanayo paphewa. Anesi, mayi wolankhula Chibemba chothamanga, anafinya timikono tija, anapapasa nthiti, kenako anafunsa ngati mwanayu amasewera panja. Amayi anazolika. Chibadwire mwanayo sankatuluka. Ankakhala m'nyumba, mawindo otseka, makatani okoka, chifukwa choopa senta, utsi woyabwa pakhosi umene mphepo ikatembenuka unkatsikira m'komboni n'kuwaula masamba m'madimba.

Anesi anafotokoza kuti mafupa a mwana amafuna vitamini D kuti alimbe, ndipo thupi limapanga lokha likamaombedwa ndi dzuwa. Anatipatsa madontho aja, n'kulamula kuti mwanayo azidya mazira, kapenta ndi majarini wothiridwa vitaminiyo, komanso azituluka m'mawa uliwonse.

"Ndiye kuti ndamupundula ndine," anatero amayi tili m'njira.

"Mlongo wanga, mafupa ake akadali anthete," anayankha amalume. "Tiyeni."

Munali mu Juni. Sukulu ndinkalowa masana, choncho cha m'ma naini ndinkayala chitenje m'mbali mwa khoma loyang'ana kum'mawa, n'kumukhazika mwanayo miyendo ndi manja zili pamtunda. Simenti inkazizira mpaka m'mafupa, khungu lake linkachita tsembwe, ndipo fumbi lakuda linkakhala m'mphuno. Azimayi opita kumpopi ankachepetsa liwiro akafika pampanda pathu. Ana anzanga ankayenda chotangadza pomutsanzira, ine n'kumawagenda ndi zibuma.

Majarini unali wa iye yekha. Ine ndinkanyambita mpeni, ndipo tsiku lina ndinadya buledi wake yense n'kunama kuti wagwera m'dothi. Sindinaululepo. Mlungu wonse ndinkayang'ana miyendo yake, kuopa kuti yapindika kwambiri chifukwa cha ine.

Pamene mvula yoyamba inkagwa anali atasiya kulira akamayenda. Amalume anawaonetsa atate kadi la kukiliniki, ndipo mawu anabwerera m'nyumba pang'onopang'ono, ngakhale kuti palibe anapepesa. Azakhali anati n'chifukwa choti iwo anapemphera kwambiri. Miyendo inatenga zaka kuti iwongoke, ndipo wakumanzere sunawongoke wonse. Mng'ono wanga lero amagulitsa nsalu m'tauni ya Kitwe, amaima tsiku lonse, koma siketi yaifupi savala.

Chimene chinkandizunguza nthawi imeneyo chinali amayi. Sankakhala nafe pachitenje. Ankaima pakhomo, dzanja lili pachitseko, mphuno ili m'mwamba. Kafungo ka senta kakangomveka pang'ono ankathamanga n'kumutsomphola mwanayo mwamphamvu mpaka zala zawo kudinda m'khwapa mwake. Tsiku lina ndinachedwa kunyamuka, anandimenya khofi limene linandisiya khutu likulira. Ndinkaganiza kuti akuchita manyazi ndi miyendo ya mwana wawo, kapena kuti ine sandikonda.

Ndinali nditakwatiwa kale pamene amalume anandiuza kuti ine sindine woyamba kubadwa. Analipo wamwamuna, amene anamwalira ndi chifuwa asanakwanitse chaka, m'mwezi umene utsi unavuta kwambiri, ndipo amayi analetsa aliyense kumutchula. M'mawa uliwonse wa chisanu chija ankatsegula chitseko ndi manja awo, n'kupereka mwana wina ku mphepo yomweyo. Ine ndinkangoona mayi waukali ataima pakhomo.