Mphini za Lemani Mphepo

Taganizani m'mawa wamba wa mwezi wa Febuluwale ku Chulu. Mame akadali m'masamba, amayi akhala pansi pa chigafa akusoka fodya wothyola dzulo, zala zili bii ndi utomoni. Amuna akutuluka m'mizere atakupatira masamba, malaya atawapinda. Mukayang'ana pamkono pa ambiri a iwo, muona timizere takuda tondondozana. Zimenezo ndi mphini za Lemani Mphepo.

Lemani sanali sing'anga. Anali mlimi wa fodya ngati anzake, koma malemu amalume ake adamusiyira mankhwala amodzi, oteteza ku njoka. Chaka chilichonse makuponi a feteleza akatuluka, anthu akukonzekera kuwokera, amuna ankasonkhana pakhonde pake. Ankatema mmodzi, kupaka phulusa la mizu, kupukuta lezala pabuluku, wina n'kukhala. Sankalipiritsa. "Njoka ikakuona idzangopinda mutu," ankatero, ndipo anthu ankalowa m'munda mtima uli m'malo.

Pamsika wa Chulu panali Ndayisaba, wothawa nkhondo ku Burundi, amene adachoka ku kampu ya Dzaleka kudzatsegula kagolosale. Anali wofatsa, koma anali ndi khalidwe limene anthu sankalimvetsa. Akapita kometetsa, ankanyamula makina ndi lezala lakelake. Lemani atamuitana kuti naye adzatemedwe, iye adathokoza n'kukana. Zidamupweteka Lemani. Pamzere wa makuponi chaka chimenecho adalankhula mokweza: "Munthu wokana kubwerekana lezala akubisa kanthu. Anthu a m'makampuwa amabwera ndi matenda m'magazi." Mawu sachedwa kumera miyendo. Pasanathe mwezi, ena adaleka kumupatsa moni wa padzanja.

M'mawa umene tikunenawu, Fainala, mkazi wa Lemani, adachira mwana wamkazi kuchipatala chaching'ono chapafupi, koma magazi adakana kusiya. Adamuthamangitsira ku chipatala chachikulu ku Boma, ndipo uthenga udafika kuchigafa: bwerani ndi abale odzapereka magazi, msanga. Lemani adatenga mng'ono wake Benjamin ndi mlamu wake Kalekeni, mchimwene wa Fainala. Msewu unali matope okhaokha, ndipo galimoto imene inalipo tsikulo inali kapikapu ka Ndayisaba. Lemani adapempha maso ali pansi. Ndayisaba sadafunse zambiri, adangokhoma golosale.

Kuchipatala namwino adawauza mosabisa kuti inali nyengo ya malungo, ndipo magazi a gulu la Fainala anali atatha. Adawabaya chala onse atatu n'kuwauza kuti adikire pabenchi.

"Muyambe ndinu, alamu," adatero Kalekeni, pofuna kuthamangitsa mantha. "Mwanayo n'ngwanu, ife tangoperekeza."

"Bola anga," adayankha Lemani. "Anuwo ndi kachasu yekhayekha. Mlongo wanu adzuka akuvina."

Lemani ndiye adayamba kuitanidwa. Namwino adatseka chitseko.

"Bambo Mphepo, magazi anu sitingathe kuwatenga."

Lemani adamva ngati mpando wachoka. "Amayi, mukuti chiyani? Ndi kachirombo kaja?"

"Si ka Edzi ayi. Ndi kena, kamene kamawononga chiwindi. Matendawa timati hepataitisi B. Munthu amatha kukhala nako zaka zambiri akulima bwinobwino, osadziwa."

Lemani adatuluka osaona kumene akuponda. Benjamin adalowa, n'kutuluka milomo itauma. Kalekeni adalowa akumwetulira, koma potuluka nthabwala zinali zitatsala m'katimo. Adakhala atatuwo pabenchi, wina osayang'ana mnzake.

"Alamu," Kalekeni adayamba ndi mawu otsika, "inunso?"

Lemani adagwedeza mutu.

"Inenso, achimwene," adatero Benjamin, misozi ili m'maso. "Akuti kamayenda pogonana. Koma ine ndi mkazi uti? Inu mukundidziwa."

"Tonse atatu!" Kalekeni adawomba m'manja kamodzi. "Inu awiri tinene kuti n'zakumtundu. Nanga ine ndakumana nanu pati?"

Adabwerera kwa namwino onse pamodzi. Iye adafotokoza modekha kuti kachiromboka kamadutsa pogonana, kamachoka kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, komanso kamayenda ndi chilichonse chakuthwa chimene chakhudza magazi. Ali m'kati molankhula, maso ake adaima pamikono yawo. Timizere tomwe tija, pamalo amodzimodzi, pa anthu atatu.

"Anakutemani ndani?"

Benjamin ndi Kalekeni adatembenukira kwa Lemani.

"Lezala linali limodzi?"

"Ndinkapukuta," adatero Lemani. Mawu adatuluka ngati a mwana.

"Kupukuta sikupha kachiromboka, bambo. Sindingalumbire kuti mudatengera pamenepo, koma njirayo ndi yotseguka."

M'mutu mwa Lemani mudadutsa khonde lake lodzaza amuna, matenanti a m'minda yoyandikana, anyamata amene makolo awo adawabweretsa atawagwira padzanja. Onsewo adawatema ndi dzanja lake, akuseka nawo.

Namwino sadamupatse nthawi yolira. "Zimenezo tikambirana. Pakali pano mayi akufooka. Palibe wina amene mwabwera naye?"

Analipo mmodzi. Ankadikira pansi pa mtengo, atatsamira kapikapu kake. Kuchokera pakhomo la chipatala kukafika pamtengopo panali pafupi, koma Lemani sadayendepo ulendo wolemera chotero.

"Achimwene," adatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "magazi athu awakana. Tonse. Akuti tili ndi matenda a chiwindi. Mayi a kunyumba akupita."

Ndayisaba adamuyang'ana. "Matendawo ndikuwadziwa, bambo Mphepo. Tisanafike kuno tinali ku kampu ina ku Tanzania. Amuna tenti yonse tinkametera lezala limodzi. Mng'ono wanga maso adasanduka achikasu, mimba idatupa, tidamuika komweko. Ine atandiyeza adapeza ndilibe, adandibaya katemera. Kuyambira pamenepo lezala la munthu wina sindilikhudza."

"Bwanji simudanene?"

"Mukadandimvera, ine mlendo? Zimene mudalankhula pamzere zija zidandipeza."

Lemani adafuna kugwada, koma Ndayisaba adamugwira paphewa. "Pansi pali matope. Tiyeni, nthawi ikutha."

Magazi ake adapezeka abwino, ndipo gulu lake lidagwirizana ndi la Fainala. Lemani adaima pawindo akuyang'ana thumba lofiira lija likutsika dontho ndi dontho m'mkono wa mkazi wake. Dzuwa litapendeka, Fainala adatsegula maso n'kufunsa za mwana. Atamuuza yemwe adapereka magaziwo, adamwetulira mofooka.

"Ndiye kuti nanenso ndiyamba kugulitsa sopo?"

Fainala adapezeka alibe kachiromboka. Iye, monga mayi wa Mvano, mphini adazikana kuyambira kale. Namwino adalangiza banjalo mmene angatetezerane, n'kuwatsimikizira kuti khandalo lilandira katemera kusikelo monga ana onse. Amuna atatu aja adauzidwa kusiya mowa ndi kumabwera kudzaonedwa. Kalekeni zidamuwawa kwambiri, ndipo adatha miyezi osaponda pakhomo pa mlamu wake.

Lemani akadatha kukhala chete, poti palibe akadamukakamiza. Koma fodya akuuma m'chigafa, iye adakwera njinga n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kwa aliyense amene adamutemapo. Ankakhala pansi, kuvula chipewa, n'kunena zonse mmene zidayendera, osasiya ndi za Ndayisaba zomwe. Ena adangoti kakasi, dzanja lili pakamwa. Ena adamunyoza. Bambo wina adamuthamangitsa ndi mpini wa khasu, koma patapita sabata adabwera yekha kudzafunsa tsiku lopita ku Boma. Amene ankaopa kupita okha, Lemani ankawaperekeza, nthawi zina pa kapikapu komwe kaja. Ena adapezeka nako, ambiri ayi.

Makuponi atatulukanso, amuna angapo adabwera pakhonde monga mwa chizolowezi. Lemani adawauza kuti agule majombo. Pofika nthawi yowokera fodya chaka chimenecho, onse amene adawatemapo anali atayezetsa magazi, kupatula awiri amene adasamukira ku Zambia.