Madzi a Kumunsi kwa Fakitale

Ndinagwirapo ntchito pakakampani kena kokazinga tchipisi cha m'mapaketi, kunja pang'ono kwa Dedza boma. Ntchito yanga inali yosenda mbatata ya kachewere. Nyengo yozizira tinkafika chifunga chisanachoke, zala zitauma gwa, n'kumapanikizana pafupi ndi ng'anjo kuti tiotheko moto.

Ng'anjozo zinkadya nkhuni koopsa. Lole yokatenga nkhuni kuphiri inkapita kutali chaka ndi chaka, chifukwa mitengo yapafupi inali itatha. Madzi otsukira mbatata, makoko ndi mafuta otsala tinkataya m'ngalande yolowera kukhwawa. Kumunsi kwa khwawalo kunali madimba a anthu, limodzi mwa iwo la akulu anga, omwe ankagulitsa kachewere wawo kufakitale kwathu.

Tsiku lina akulu angawo anandionetsa kabichi wawo, masamba atachita chikasu, madzi othirira akununkha. Sanandikalipire. Anangoti, "Chaka chamawa kachewere wanga ndikagulitsa ku Linthipe. Kwanuko ayi."

Alimi ena a m'khwawamo anachita chimodzimodzi. Mbatata inayamba kusowa pafakitale, moti masiku ena tinkaweruka dzuwa lisanafike pamutu.

Mwini kampani anali bambo wosalankhulalankhula. Anakumbitsa maenje osefera madzi, nalamula kuti makoko tiziunjika pamodzi kuti awole, manyowawo azigawira alimi. M'malo mwa nkhuni tinayamba kusonkhezera utuchi woumba, wochokera kwa ocheka matabwa a paini. Pamapaketi anasindikizapo tsamba lobiriwira. Anzanga ankati zonsezo n'zongofuna kukopa masitolo a ku Lilongwe.

Nditawapeza mwini kampaniwo akuyendera maenje aja, ndinalimba mtima.

"Bwana, kodi zonsezi n'chifukwa chokonda chilengedwe?"

Anaseka pang'ono. "Mayi, ndikanakonda kuyankha kuti inde. Koma nkhuni zavuta, alimi andithawa, ogula a mumzinda ayamba kufunsa mafunso. Ndikapanda kusintha, titseka pano." Anayang'ana kumunsi kwa khwawa, kenako anati, "Komanso ndinapitako kumadimba kuja. Zimene ndinaona sizinandisangalatse."

Akulu anga sanafulumire kukhulupirira. Anadikira kaye kuti aone ndi maso awo madzi atayera, ndipo atabweranso ndi matumba awo anabwera ndi theka lokha.

Ntchitoyo ndinasiya kalekale, koma yankho la bambo aja ndimaliganizirabe. Sindidziwa chimene chinalemera kwambiri mumtima mwawo, kuopa kutseka kampani kapena chisoni. Mwina iwo eni sankadziwanso.