Amene anaimirira pa maliro a mng'ono wanga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha mphasa. Amuna tinagona m'chigafa cha mng'ono wanga, pansi pa fodya amene iye anapachika koma sadzagulitsa. Kunja mvula inkawaza. M'nyumba amayi anali akuimbabe, mawu atasasa, pakuti anachezera usiku wonse pafupi ndi thupi. Nyimbo zawo zambiri sindinkazidziwa, ngakhale ndakhala mkulu wa mpingo ku Cuamba zaka zambiri.

Chimene chinandidzutsa sichinali kuzizira. Dzulo lake nditangofika, abusa a kuno ku Ngauma anandikokera pambali kuti andiuze mmene mwambo udzayendere. Anati anthu a timagulu ta mapemphero a m'makomo ali ndi kachitidwe kawo. Mtsogoleri wa kagulu akamwalira, bokosi lisananyamulidwe amaitana onse amene malemuyo anakhala nawo pansi yekha n'kuwaphunzitsa Mawu, kuti aimirire. Kenaka amaimirira amene anaphunzitsidwa ndi oimirirawo, ndipo zimapitirira choncho. Abusa ankanena zimenezi akuyang'ana nsapato zanga. Ankadziwa kuti munthu woyamba amene mng'ono wanga anamuphunzitsa ndine.

Nkhondo itavuta, mng'ono wangayo anathawira ku Malawi ali mwana ndipo kumeneko analowa sukulu. Ine ndinatsala, ndipo ndinafika pokhala ndi ana ndisakudziwa kulemba dzina langa. Mtendere utabwera anandipeza ku Cuamba ndikugwira ntchito ya njanji, nakhala m'nyumba mwanga. Madzulo komboyo, sitima ya pamtunda ija, ikadutsa tinkakhala awiri pakhonde, iye akuloza zilembo ndi kaudzu m'buku la Marko, ine ndikutsatira ngati kamwana. Ku mpingo kwathu palibe amene amadziwa zimenezi. Amadziwa mkulu wovala kazako, jekete laulemu, amene amawerenga Mawu ataima kutsogolo. Choncho ndinadzuka ndi funso limene ndinagona nalo: akaitana, ndiimirire kapena ayi?

Kutayamba kuyera ndinatuluka kuti ndikaone zophikira. Ine ndiye ndinali mwini maliro, mkulu wa malemu, ndipo ndinkayembekeza kuti anthu azibwera kudzandifunsa. Ndinapeza moto ukuyaka kale m'mafuwa kuseri kwa nkhokwe, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha chinyezi. Nkhuni zinabwera ndi a kagulu ka kutsidya kwa mtsinje. Ufa unabwera ndi a ku Itepela. Bokosi anali atakhoma anyamata awiri a kagulu kena, ndi matabwa awo. Ndinafunsa mayi wina ngati ndiwo zikwane.

"Khalani pansi, agogo, mungaterereke," anatero osandiyang'ana. "Zonse zili m'manja."

Ndinapita kumanda. Adzukulu anali atakumba kufika m'chiuno, dothi lofiira likumata makasu. Mmodzi anandiyang'ana kuchokera m'dzenje n'kuseka. "Agogo a kazako, mwabwera kudzayeza lanu? Imani patali, lero talandira mmodzi yekha." Adzukulu sawayankha. Ndinabwerera.

Dzuwa litakwera mvula inaleka ndipo anthu anayamba kufika. Ena anayenda pansi atanyamula nsapato m'manja, ena pa njinga, ena atatuatatu pa mota, njinga zamoto zija. Shapa, minibasi yonyamula anthu, yochokera ku Mandimba inatitimira m'matope pafupi ndi sukulu ndipo okwera anamaliza ulendo wapansi. Anafikanso a mpingo wanga a ku Cuamba. Ankandigwira dzanja mwaulemu, n'kudutsa msanga kukagwada pakhomo pamene panali mlamu wanga, mkazi wa malemu. Ndinkamva akulira kuti, achimwene athu, achimwene athu. Achimwene a yani? Amene anayamwa naye bere limodzi ndine. Amene anamubereka kumbuyo mayi athu ali kumunda ndine. Koma anthu amene sindinawaonepo ankadziwa nyimbo imene iye ankaikonda, ndiponso mawu amene ananena pomaliza, pamene ine ndinangomva uthenga pa foni.

Mng'ono wanga sanakhalepo ndi gulu lalikulu. Anthu ake ankakumana m'nyumba pakati pa sabata, kudya chimene chapezeka, kuwerenga ndime imodzi, aliyense n'kunena mmene sabata yamuyendera. Wina akadwala ankakamulimira. Akachuluka moti mphasa ziwiri sizikuwakwana, iye ankagawa kaguluko, kusiyira wina amene anali atamukonzekeretsa, n'kukayambanso kwina ndi anthu awiri. Ine ndinkamuseka kuti ndi mlimi wozula mbewu ikangomera. Ankangoti, "Mbande za fodya sizikulira pofesera, achimwene. Zimafuna kuwokera."

Chaka china pa msonkhano wa akulu ku Cuamba ndinanena kuti timagulu take tikugawa mpingo. Anamuletsa kulalikira, ndipo anamanga katundu wake nabwerera kuno kumudzi. Ndinanena zimene ndinkaona pa nthawiyo, ndipo sindinali ndekha. Iye sanaitchulepo nkhaniyo. Akakolola ankanditumizira thumba la chimanga pa shapa, ndipo chimanga chimenecho sichinkatsika bwino pakhosi panga.

Mwambo unayamba masana. Bokosi analitulutsa n'kuliika pa mipando pabwalo. Amayi anakhala pansi mbali imodzi, abambo mbali ina, ndipo ife akulu anatipatsa mipando pansi pa mtengo wa mango. Pambali panga panali mkulu wina wachiyao, mnansi wa malemu. Ndinalankhula m'malo mwa banja. Ndinathokoza onse obwera, ndinafotokoza za matenda, n'kukhala pansi. Mawu anga anamveka bwino mpaka kumbuyo, monga amachitira nthawi zonse.

Atatha kulalikira, abusa anatseka Baibulo n'kuitana amene malemu anawaphunzitsa yekha. Anaimirira mlamu wanga. Anaimirira gogo wina wa ndodo, bambo wina amene kale ankadziwika ndi mowa, ndi ena ochepa, osakwana zala za manja awiri. Ndinena zoona: mtima wanga unasangalala. Ndinati, moyo wonse uja, ndi omwewa basi?

Abusa sanapitirize. Anaima ngati munthu wodikira mbuzi yotsalira kuti atseke khola. Mlamu wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Manja anga anali kale pa mawondo, ndipo thupi linali litayamba kunyamuka. Pamenepo ndinakumbukira kuti pali kuitana kwachiwiri. Ndinayang'ana anthu anga a ku Cuamba, amene ndawawerengera Mawu zaka zonsezi, amene ndinawatsogolera pofolera kachisi ndi malata. Ndinasakasaka nkhope imodzi ya munthu amene ndinakhala naye pakhonde langa n'kumutsegulira buku. Sindinaipeze. Onse amadziwa mawu anga, koma palibe amene amadziwa m'kati mwa nyumba yanga. Ndikanaimirira, onse akanadziwa kuti mkulu wawo anali wophunzira wa mng'ono wake, kenaka akanaona kuti mbande imodzi yokha ndiyo sinabereke. Ndinachotsa manja pa mawondo n'kukonza kazako.

Abusa anaitana kachiwiri. Kumbuyo kwa gogo wa ndodo uja kunaimirira amayi angapo. Kwa bambo wa mowa uja kunaimirira amuna ambiri, ena a maso ofiira amene ndikanawaletsa kulowa m'kachisi. Anaitana kachitatu, kenaka kachinayi. Panalibe woimba kapena wolira. Kunkangomveka makapulana, zitenje za amayi, akukutumulidwa ndi mawondo akulira. Anaimirira a ku Itepela, a ku Mandimba, ndi achinyamata amene anabadwa mng'ono wanga atachoka kale ku Cuamba. Anaimiriranso ena a mpingo wanga, pakati pawo mayi wina amene amakhala kutsogolo kwenikweni ndikamawerenga. Ndinkamuyesa wanga. Sindinkadziwa kuti timagulu tija sitinafe ku Cuamba.

Bwalo lonse linaima, moti bokosi silinkaonekanso. Pansi tinatsala ana, alendo ochepa, anansi achisilamu, ndi ine. Mkulu wachiyao uja anaweramira kwa ine.

"Ife ndife a kumzikiti, achimwene. Nanga inu miyendo yatani?"

"Nyamakazi," ndinayankha.

"Eee," anatero. "Yafika tsiku loipa."

Ulendo wa kumanda unadutsa m'kanjira ka pakati pa chimanga chokhwima. Bokosi linkayenda paphewa ndi paphewa, amuna akulandirana osaima, amayi akuimba kumbuyo. Ndinakankha anthu kuti ndifike pafupi. Mnyamata wina anandisiyira malo ake, ndipo ndinalowa pansi pa bokosi. Koma onyamula anzanga anali aatali, ine ndinapindika ndi ukalamba, ndipo thabwa silinakhudze phewa langa. Ndinayenda choncho, dzanja lili m'mwamba, mng'ono wanga akudutsa pamwamba panga atanyamulidwa ndi ena, mpaka wina anandigwira mkono n'kundichotsa mwaulemu.

Kumanda zinayenda msanga chifukwa mitambo inali itabweranso. Ndinaponya dothi ndine woyamba. Ufulu umenewo palibe akanandilanda. Adzukulu anakwirira, abusa anapemphera, ndipo madontho oyamba anatipeza tikusamba m'manja pakhomo. Anthu anadya ataimirira m'makonde n'kuyamba kubalalika, pakuti ambiri anali ndi mitsinje yoti awoloke isanadzaze. Potsanzika ankakumbutsana za tsiku lokumana, ndiponso za amene adzabwere kudzathandiza mlamu wanga kumanga fodya. Ine panalibe amene anandipatsa tsiku.

Dzuwa likulowa pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mapazi m'matope. Achibale ochepa anagona pakhonde chifukwa cha kutopa. Ndinalowa m'nyumba n'kupeza mlamu wanga atakhala yekha pa mphasa, pamalo pamene panali bokosi. Ndinakhala pa mpando pafupi ndi khomo. 

"Ndinakudikirani, alamu," anatero. "Malemu akamatchula anthu ake ankayambira inu. Ankati woyamba wanga ndi achimwene, ndipo palibe amene anagwira msanga ngati iwo."

"Ndikanaimirira, kumbuyo kwanga akanaima ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atatupa.

"Palibe," anatero. "Koma lero sitinkaika inu."

Anadzuka pang'onopang'ono, napinda mphasa yake, nalowa kuchipinda. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya mng'ono wanga, mdima ukulowa, madzi akudontha kuchokera patsindwi kugwera m'beseni.