Njinga Yanga Inalowa M'mudzi Popanda Woiona

Paulendo wobwerera kumudzi tinalipo anthu anayi: ine mwini njinga, mwana wanga wachisamba amene ndinkagwira naye ntchito ku Halale, alamu anga amene ndi mlongo wake wa mkazi wanga, ndi mnzathu wina wa ku Ntcheu amene anangodziphatika kwa ife panjira poopa kuyenda yekha. Nkhondo ya Ajeremani inali isanayambe.

Njingayo ndinagula ndekha, ndi thukuta langa. Kwathu kuno, kuseri kwa phiri la Dedza, munthu wakuda wa njinga kunalibe. Tinkangoiona ndi ansembe. Tsono ndinatumiza mawu ndi anthu amene anatsogola kubwerera kumudzi: akauze onse kuti ine ndidzalowa ndili pachishalo, osati wapansi. Ndipo ine ndikanena ndanena. Bambo anga pochokera kunkhondo ankalowa m'mudzi ng'ombe zili patsogolo, nanga ine ndilowe ngati wamtengatenga?

Ku Tete dzuwa linatiwamba. Ndinkapalasa m'mawa n'kukawadikira anzanga pamthunzi, poti masana chishalo chinkatentha ngati phale. Zimenezo sizinandivute ayi. Zinandivuta ndi za kwathu konkuno. Titangokwera mapiri, nyengo yachisanu, inatilandira mvula yamawawa ija yosadziwa kukata, ndi mphepo yolowa m'mafupa. Katondo anamatirira kumatayala mpaka magudumu anakana kuzungulira. Ndinkakokota ndi kamtengo, kupalasa pang'ono, kukokotanso. Mapeto ake ndinangoisenza paphewa.

"Alamu, kodi mwagula njinga, kapena njinga ndiyo yagula inu?" anatero alamu anga.

"Inu yendani! Mwabwerako ndi chiyani inu, kupatula chipewa chobooka?"

Mafuta a nsatsi amene tinkadzola kuti mapazi asang'ambike ndi chisanu, ine anga ndinapaka tcheni. Bulangete langa ndinafunditsa njinga, chifukwa munthu chimfine amachira, koma chitsulo chikagwira dzimbiri chapita. Popumula ine ndi mwana wanga tinkangofunda lake awiri.

Pamtsinje wa kumunsi kwa mudzi njinga ija tinaitsuka ndi udzu mpaka inawala. Ndinakwera. Koma nkhungu inali itatseka dziko lonse, moti ndinkangoona gudumu lakutsogolo lokha. Ndinapalasa kukwera chitunda, belu lili ngiri ngiri, kudutsa pakhola, kudutsa pabwalo, mpaka kukafika kunkhokwe zomaliza. Panja panalibe munthu. Onse anali atadzitsekera m'nyumba, akuotha moto. Anandiona ndi galu mmodzi, nayenso sanauwe n'komwe.

Ndinatsika n'kungoima, madzi akuyenderera m'ndevu. Mtunda wonse uja, kuchokera ku Halale, kupalasira galu! Anzanga aja anandipeza pomwepo.

Kwathu munthu wochokera kutali sawerengedwa kuti wafika mpaka atamuyalira mphasa ndi kumufunsa malonje. Ine zimenezo zinali zitandichoka m'mutu. Mwana wanga anagwira mahandulo a njinga, natembenuzira kumene tinachokera, n'kulankhula motsitsa mawu kuti a m'nyumba asamve.

"Ababa, palibe amene wakufunsani malonje, ndiye kuti simunafike. Tiyeni tikakhale kuchisakasa cha kudimba, tikoleze moto muume. Dzuwa likatuluka ine nditsogola kukawaitanira onse pabwalo, inu mudzafike bwinobwino."